Chuku Chokhuta

MUTU 6

1. Masiku anayi okha

Lolemba pa 3 Malichi, Mzime anafesa mitundu isanu ndi inayi ya balere m'timiphika tapulasitiki. Mtundu uliwonse unali ndi timiphika tinayi, ndipo kamphika kalikonse kanalandira njere zisanu. Atamaliza anathirira, nalemba manambala pa timitengo, n'kubwerera ku labotale manja ali dothi lokhalokha.

Mzime anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wophunzira pa koleji ya zaulimi. Anamutumiza ku labotale ya matenda a mbewu kuti akaphunzire ntchito kwa miyezi itatu. Kwawo ankamutcha Mzime chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kuntchito.

Labotaleyo inali chipinda chimodzi chachitali cha mawindo atatu. Munali tebulo la simenti, sinki yodontha, maikulosikopu imodzi, kabati yofunda yamdima, ndi shelefu yokhala ndi mababu awiri aatali. Pakona panali chimphika chachitsulo chophera tizilombo ndi nthunzi. Timbale tagalasi tolereramo chuku tinalipo makumi atatu ndi tisanu ndi kamodzi. Tina tonse tinasweka kale, ndipo tatsopano sitinkabwera.

Womuphunzitsa ntchito anali mkulu wina amene aliyense ankamutchula kuti a Magalasi. Anali atagwira ntchito m'chipindamo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Maso awo anali atachita ng'ala, moti Lachinayi la sabata yomweyo ankayenera kukagonekedwa kuchipatala.

A Magalasi anamuitanira pa kalendala ya pakhoma, nachotsa pensulo kukhutu.

"Tiwerengere limodzi, mwanawe, kuti mawa usadzati sindinakuuze. Lero pa 3 wafesa. Pa 17 mbande zidzakhala ndi masamba awiri kapena atatu, ndipo limenelo ndilo tsiku loziwaza matenda. Matendawo amaoneka pakatha masiku asanu ndi awiri, ndiye kuti pa 24 tidzawerenga madontho pamasamba. Pa 28 alimi akumana kuti asankhe mbewu. Mpata watsala wa masiku angati?"

"Anayi, bambo."

"Anayi. Osati asanu."

Alimi amene ankanenedwawo anali a kalabu ya mabanja makumi anayi. Chaka chapitacho balere wawo anagwidwa ndi matenda. Masamba anachita mizere yofiirira yolukana ngati ukonde, kenako anauma njere zisanakhwime. Chaka chino kalabu inkafuna kuitanitsa mtundu umodzi wa mbewu wa anthu onse, ndipo labotale inalonjeza kuti iwauza mtundu umene ungapirire matendawo.

Mmodzi mwa alimiwo anali bambo ake a Mzime. Chuku choyambitsa matendawa, chimene chinali m'kabotolo mufiriji ya labotale, chinatengedwa pamasamba a m'munda mwawo.

2. Mitundu iwiri ya phala

Lachiwiri m'mawa a Magalasi anaika zinthu ziwiri patebulo. China chinali botolo la ufa wachikasu, logula. China chinali mtolo wa masamba a balere amene anathyola kuseri kwa shedi ya mbande.

"Khala pansi," anatero. "Izi ndinena kamodzi, ndipo ndinena zonse.

"Chuku ichi n'chamoyo, chimadya ngati iwe ndi ine. Kumunda chimadya tsamba la balere. Muno timachiphikira phala, n'kulithira m'timbale kuti liume ngati jele. Phala lake lilipo la mitundu iwiri. Loyamba ndi la mbatata ndi shuga. Ufa wake ndi uwu wa m'botolowu, ungothira madzi basi. Chuku chimalikonda koopsa. Masiku anayi okha mbale yadzaza, ubweya uli tho, wofuwirira ngati thonje. Mlendo akalowa muno n'kuona mbale yotere amati eee, anthu awa akugwira ntchito. Koma ife sitiwaza ubweya pa mbande. Timawaza timbewu ta chuku, tosaoneka ndi maso, timene kumunda timauluka ndi mphepo. Ndipo chuku ichi chikakhuta sichibereka timbewu. Chichitirenji changu chosiya ana pamene chakudya chili mbwee?

"Lachiwiri ndi phala la masamba awa. N'losauka, mulibe shuga. Uyeze magalamu zana limodzi, uwiritse m'lita imodzi ya madzi, usefe, kenako uthire magalamu khumi ndi asanu a ufa wina woumitsa phala. Pa phala lotere chuku chimamva fungo la kwawo koma sichikhuta. Chimayenda pang'onopang'ono, chopyapyala ngati ulusi wa kangaude. Uchiike pansi pa mababu, maola khumi ndi awiri kuwala, maola khumi ndi awiri mdima. Pakatha masiku khumi chabereka.

"Tsono mvetsetsa apa. Pa tsiku lachinayi kapena lachisanu udzayang'ana timbale tako n'kuganiza kuti chuku chafa. Aliyense amene ndinamuphunzitsa muno anaganizapo choncho. Usakhulupirire maso ako, maso amakonda zonenepa. Ukakayika, tenga kambale kamodzi uike pa maikulosikopu. Ukakayikabe, undiimbire foni ngakhale ndili pabedi lachipatala. Adzandimanga maso, osati makutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Bwereza."

"Phala la masamba, mababu, masiku khumi."

Tsiku limenelo Mzime anaphika phala la masamba, naliwiritsanso m'chimphika chanthunzi, n'kulithira m'timbale khumi ndi tiwiri. Lachitatu pa 5 anaotcha singano pa nyali ya sipiliti, natenga chuku m'kabotolo n'kuika kachidutswa pakati pa kambale kalikonse. A Magalasi anaima kumbuyo kwake. Timbale tonse titakhala pansi pa mababu, anazunguliza pensulo pa 15 Malichi.

Lachinayi pa 6 mpando wawo unali wopanda munthu.

3. Matumba opanda kanthu

Loweruka pa 8 Mzime anapita kwawo. Unali ulendo wa maola atatu pa basi.

Anapeza mayi ake atakhala pakhonde, mwendo atautambasula pa mpando. Bondo lawo linali litatupanso. M'nyumba, kuseri kwa chitseko, munali matumba khumi ndi asanu ndi anayi opindidwa bwino. Chaka chatha bambo ake anakonza matumba makumi atatu, koma anadzaza khumi ndi limodzi lokha. Otsalawo sankalola kuti munthu awagwiritse ntchito ina.

Bambo ake anabwera kuchokera kumunda dzuwa litapendeka. Mundawo unali pa mtunda wa theka la ola kuyenda pansi.

"Adokotala a mbewu afika!" anatero akuvula nsapato zamatope. "Mayi ake, mwawapatsa mpando wabwino? Awa masiku ano amayang'ana zinthu pagalasi."

"Ayang'aneko bondo langali," anatero mayi ake.

"Inu amayi, ine ndi wa masamba."

"Ndiye sukulu yonse ija n'kungothera pa masamba?"

Anaseka onse atatu, koma kusekako sikunakhalitse. Bambo ake anakhala pa njerwa, nayamba kupala matope pa khasu ndi kamtengo.

"Mapesi a balere aja munatentha?" anafunsa Mzime.

"Anzanga onse anatentha awo chaka chisanathe. Ine ndinaunjika anga pakona pa munda. Ndimati ndiziyalira mbuzi m'khola."

"Ayi bambo, musatero. Chuku chimagona m'mapesi momwemo. Mukawasiya, mphepo idzachibweza pa mbewu yatsopano. Muwatenthe musanadzale."

"Wamva, mayi ake? Ndalamulidwa." Anagwedeza mutu. "Chabwino. Panopa muluwo wanyowa ndi mvula ija. Ukangouma ndiutentha."

Kenako anaika khasu pansi.

"Mwanawe, tamvera. Pa msonkhano wathawu ndinaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti amene akuyeza mbewuzi ndi mwana wanga. Ena anaseka, akuti kamtsikana kaja kankathamangitsa nkhuku dzana lomweli? Ine ndinati komweko. Tsono mabanja makumi anayi akuyang'ana m'manja mwako. Ena mwa iwo chaka chino sanatumize ana kusukulu. Wina wagulitsa ng'ombe yolimira. Tikadzalanso mbewu yofooka, ambiri asiya balere, ndipo ine ndikhala woyamba.

"Sindikuti ubwere ndi yankho lokoma. Ubwere ndi loona. Ngati mitundu yonse ndi yofooka, udzanene choncho, tidziwe chochita. Ndipo pamene sukumvetsa, funsa. Kufunsa si uchitsiru. Ine ndalima zaka makumi atatu koma lero wandiuza za mapesi ndipo ndamvera. Safunsa anadya phula. Akuluakulu akupatsa ntchitoyo amadziwa pamene pali dzenje, chifukwa anagwamo iwe usanabadwe."

"Ndamva, bambo. Pa 28 ndidzabwera nalo yankho."

Mayi ake anatenga ndodo yawo n'kulowa m'nyumba.

4. Tsiku lachisanu

Lolemba pa 10 Mzime anafika ku labotale nthawi ya hafu pasiti seveni. Anavala chovala choyera, napita molunjika pa shelefu ya mababu.

Ananyamula kambale koyamba n'kukaloza kuwindo. Phala linali lobiriwira, loonekera mpaka pansi. Pakati panali kachidutswa kaja, ndipo mozungulira munali timaulusi tochepa toti munthu achite kutsinzinira kuti ationa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Tonse khumi ndi tiwiri.

"Malirowo ndi a ndani, chemwali?"

Anali a Digiri, mnyamata wamkulu amene ankagwira ntchito ya matenda a tomato m'chipinda chomwecho. Anamaliza maphunziro zaka ziwiri zapitazo, ndipo sipankatha tsiku osatchula digiri yake. Dzinalo linachokera pamenepo.

"Sichikukula, achimwene."

A Digiri anatenga kambale kamodzi, nakatembenuza, n'kuimba mluzu.

"Masiku angati?"

"Asanu."

"Asanu! Tabwera uone."

Anatsekula kabati yofunda ija. M'kati munali timbale tawo, todzaza ubweya woyera mpaka kukhudza chivundikiro.

"Awa ndi masiku anayi. Phala la mbatata ndi shuga, la m'mabuku, limene dziko lonse likugwiritsa ntchito. Iwe ukuchipatsa msuzi wa udzu. Mlendo ungamuphikire madzi a masamba n'kumadabwa kuti akuwonda?"

"A Magalasi anati chikakhuta sichibereka."

"A Magalasi anaphunzira ntchitoyi magetsi asanabwere. Ndimawalemekeza, koma nzeru zawo zinachita ng'ala limodzi ndi maso. Chinthu chikhale chakufa ndi njala ndiye chibereke? Unaziona kuti?"

Mzime anatenga kambale kamodzi n'kulunjika pa maikulosikopu.

"Pamenepo pali ntchito yanga, usasunthe," anatero a Digiri. "Ndiponso ukufuna kuonanji? Ngakhale wa ng'ala akhoza kuona kuti mulibe kanthu. Abwana akuyendera labotale Lachinayi. Udzawaonetsa chiyani, madzi oundana?"

Mzime anatulutsa foni m'thumba, napeza nambala ya a Magalasi.

"Munthu amung'amba diso Lachisanu lomweli, iwe umuimbire za chuku? Chifundo ulibe, chemwali?"

Anaiyang'ana foniyo kanthawi. Kenako anaibweza m'thumba.

Maola a m'mawa onse anathirira mbande, nasesa m'shedi, natsuka mabotolo amene anali otsuka kale. Katatu konse anabwerera pa shelefu ya mababu. Timbale tinali momwe tinalili. Pa kalendala, 17 anali atazungulizidwa ndi pensulo yofiira, ndipo panali patatsala masiku asanu ndi awiri.

Itakwana thu koloko anapita kwa a Digiri.

"Achimwene, pa phala lanulo chingakule pofika pa 17?"

"Pofika Lachinayi chidzakhala chikusefukira. Ndili ndi timbale khumi ndi tiwiri tothira kale phala. Tenga. Koma tako undibwezere totsuka lero lomwe, mawa ndili ndi ntchito."

"Ndisiyeko kamodzi kokha pa mababu."

"Khumi ndi tiwiri ndi khumi ndi tiwiri. Ine sindiweta timbale."

Mzime anayatsa nyali ya sipiliti. Anagwira ntchito mwaukhondo monga momwe anaphunzitsidwira. Anaotcha singano, nadula kachidutswa m'kambale kalikonse ka masamba, n'kukasamutsira m'kambale ka mbatata. Timbale tatsopanoto anatiika m'kabati yamdima, pambali pa ta a Digiri.

Takale tija anatilongedza m'chimphika chanthunzi. Anamanga chivundikiro nthawi ili 2:40. Nthunzi inafika madigiri 121, ndipo anaisiya mphindi makumi awiri. Chilichonse chamoyo chimene chinali m'timbalemo chinafa.

Anakhuthulira phala losungunukalo mu ndowa, natsuka timbale, natipereka kwa a Digiri. M'buku la ntchito analemba kuti: "10 Malichi. Ndasintha phala." Potuluka anazimitsa mababu.

5. Ubweya

A Digiri sananame. Lachitatu ubweya unali utafika theka la mbale. Lachinayi pa 13 unali utadzaza, wotuwa, wokhuthala, wooneka bwino.

Abwana a malowo analowa nthawi ya teni koloko. Anali munthu wa muofesi, wotanganidwa, amene anaphunzira za nthaka osati za chuku. Ananyamula kambale kamodzi n'kumwetulira.

"Izi ndiye timafuna. Mwana uyu ali ndi dzanja."

"Ndikumuthandizako apa ndi apo," anatero a Digiri.

Madzulo a tsikulo Mzime anaimbira bambo ake.

"Zikuyenda, bambo. Abwana ayamikira."

"Eya! Ndikawauza a kalabu. Aja ankaseka aja achite manyazi."

Lachisanu anaganiza zoika kadontho pa maikulosikopu, koma a Digiri anali pomwepo, ndipo timbale tinkaoneka bwino. Loweruka pa 15, tsiku limene a Magalasi analizunguliza ndi pensulo, labotale inali yotseka. Shelefu ya mababu inali mumdima, yopanda kanthu.

6. Werenga

Lolemba pa 17 a Magalasi anabwera. Diso lamanzere linali lomata ndi thonje, ndipo ankayenda akugwira khoma. Anapatsa moni aliyense, navala chovala chawo choyera, n'kupita pa shelefu ya mababu. Anapapasa pamenepo ndi dzanja. Anapeza fumbi.

"Timbale tili kuti?"

Mzime anatsekula kabati yofunda, natulutsa timbale khumi ndi tiwiri, n'kutindandalika patebulo. A Magalasi anatenga kamodzi, nakafikitsa pafupi ndi diso lawo lamanja. Kenako anakanunkhiza.

"Mbatata," anatero.

Sanakweze mawu. Anakoka mpando n'kukhala.

"Chabwino. Tichite monga mwa ntchito. Thira madzi oyera m'kambale koyamba. Pala pamwamba ndi kagalasi. Sefa pa kansalu. Tenga kadontho uike pa maikulosikopu. Ine sindingaone, ndiye uwerenge ndiwe. Timbewu take timaoneka ngati tizala ting'onoting'ono tokhala ndi mfundo. M'mililita imodzi timafunamo zikwi khumi."

Mzime anachita zonsezo. Anawerama pa maikulosikopu, nazungulitsa kagudumu. Anaona ulusi wolukanalukana, wochuluka ngati mizu ya udzu.

"Werenga."

"Mulibe, bambo."

"Kachiwiri."

M'kambale kachiwiri munalibe. M'kachitatu munalibe. M'kachisanu ndi chiwiri anapeza kambewu kamodzi, ndipo m'kotsiriza anapeza tiwiri. Ntchitoyi inatenga ola limodzi ndi mphindi khumi. M'chipindamo munkangomveka kudontha kwa sinki.

"Titatu," anatero Mzime.

"Ta masamba tija tili kuti?"

"Ndinatiphika m'chimphika pa 10."

"Tonse?"

"Tonse."

"Unayang'ana pa maikulosikopu usanaphike?"

"Ayi."

"Foni yanga inali yozima?"

"Sindinaimbe, bambo."

A Digiri anatsokomola. "Ine ndinangopereka maganizo basi. Mwini ntchito ndi iyeyu." Anatenga makiyi a shedi n'kutuluka. A Magalasi sanatembenuke n'komwe.

"Iwe ndiwe mwana wa mlimi," anatero. "Nyemba zodzala pa manyowa a m'khola zimatani?"

Mzime anawerama. "Zimachita masamba okhaokha."

"Masamba okhaokha. Obiriwira bwino, aakulu, odutsa m'njira n'kumasirira. Koma ukafunafuna nyemba yoti uike mumphika, ng'o. Zimenezi unkazidziwa usanapite ku koleji. Sindinakuuze chachilendo ayi.

"Sindikukalipira chifukwa chochita mantha. Inenso ndinachitapo mantha pa tsiku lachisanu, chaka changa choyamba muno. Ndikukudandaula pa zinthu zitatu. Unali ndi galasi loonera, sunaone. Unali ndi munthu womufunsa, sunafunse. Ndipo unapha timbale tonse osasiyako ndi kamodzi komwe. Pa ntchito ino ukafuna kuyesa njira yatsopano, yakale umaisiya ili moyo. Sugwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe. Pa 10 paja, m'timbale tija, chuku chinali chitayamba kale kuimika timitengo toberekera. Chinkangofuna masiku asanu ena. Iwe unachiphika.

"Mnzakoyu chuku chake n'china, chimabereka pa chilichonse. Iye akudziwa chake, ndipo akuganiza kuti zonse ndi chimodzimodzi. Taona mmene wakusiyira. Wokupatsa nzeru yaulere sakhala nawe pa mlandu. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere. Pa 28 a Digiri sadzaima pamaso pa mabanja makumi anayi. Abwana aja sadzaimapo. Adzaimapo ndi bambo ako."

Misozi inagwera pa chovala choyera cha Mzime. Sanaipukute.

"Sitingachibweze pa phala la masamba?"

"Tingathe, chikadali moyo. Pita pa kalendala. Lero pa 17, onjeza masiku khumi."

"Pa 27."

"Onjeza asanu ndi awiri oti matenda aoneke."

Mzime anatembenuza tsamba la kalendala. "Pa 3 Epulo."

"Msonkhano utapita ndi masiku asanu ndi limodzi. Mbewu itaitanitsidwa kale, mwachimbulimbuli. Tinali ndi masiku anayi opuma. Tikufuna khumi."

7. Mulu wa pakona

A Magalasi anaika dzanja pa thonje la padiso. Panja, m'shedi, mbande za mitundu isanu ndi inayi zinali ndi masamba atatu, zokonzeka.

"Njira yatsala imodzi," anatero a Magalasi, "ndipo ndi yopapatiza. Chuku ichi chimagona m'mapesi a balere wodwala. Mapesi otere ukawanyowetsa n'kuwaika pansi pa mababu, amabereka timbewu m'masiku atatu, popanda phala lililonse. Masamba odwala amene ndinasunga mu envelopu anatha mu Januwale. Koma utapeza mapesi a m'munda umene unadwala, n'kufika nawo muno mawa pa 18, pa 21 tiwaza. Pa 28 m'mawa tiwerenga, masana ukwera basi kupita ku msonkhano. Tsiku lopuma palibe. Kwanuko alipo amene anasunga mapesi?"

Mzime anadzutsa mutu. "Bambo anga. Ali ndi mulu pakona pa munda. Ena onse anatentha."

Atangonena zimenezo anagwira pakamwa.

"N'chiyani?"

"Ndinawauza kuti autenthe."

"Unawauza zoona. Liti?"

"Pa 8. Anati ukangouma."

A Magalasi anatembenuzira nkhope kuwindo. Dzuwa linali likuswa mtengo, monga linachitira Loweruka ndi Lamulungu.

"Imba. Ndipo uwauze zonse, usachotseko."

Nthawi inali 10:25. Mzime anatuluka panja n'kuimba nambala ya bambo ake. Foni inaitana kasanu. Anayankha ndi mayi ake.

"Bambo ali kuti, amayi?"

"Iwe, moni n'komwe? Apita kumunda, foni aisiya ikutchaja. Akuti mulu uja wauma tsopano. Atenga machesi. Akuti lamulo la adokotala lisachedwe."

"Achoka nthawi yanji?"

"Posachedwapa. Mwina mphindi makumi awiri zapitazo. Bwanji? Mawu akowo akumveka bwanji?"

"Amayi, ndalakwitsa ntchito. Ndaononga zonse. Mapesi amenewo ndi okhawo amene atsala. Thamangani mukawauze asatenthe."

"Ndithamange ndi bondo ili? Anthu onse pano ali kuminda, ndituma ndani?"

"Chonde amayi. Chonde."

Pa foni panamveka mpando ukukhwekhwerezeka, kenako ndodo ikugunda pa simenti, kenako chitseko. Mzime anamva mayi ake akupuma movutikira, akutsika masitepe atatu a pakhonde, imodzi imodzi.

"Amayi?"

"Taima ndione kaye." Panapita kanthawi. "Chakumunda kuja kukukwera utsi, mwanawe. Koma kuchokera pano sindingadziwe ngati ndi m'munda mwathu."